Makutu, Michira ndi Malata a Sukulu

Padangokhala, ndipo inu muzivomera kuti tili tonse, ngakhale ena ndikukuonani kuti mitima ili kwina. Padangokhala madera awiri a sukulu m'dziko la nyama, dera la Kumtunda ndi dera la Kudambo.

Kumtunda kunkakhala a makutu: abulu, anyani, njiri ndi mbira. Kudambo kunali achule, nkhanu ndi nkhono. Dera lililonse linali ndi kasukulu kake kofolera ndi udzu, linalinso ndi njira yake yodziwira kuti mwana wakula ndipo ayambe sukulu. Kumtunda mwana ankadutsitsa dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Wopanda dzanja ankaloledwa kugwira ndi mwendo wakumbuyo, poti ana a akuluakulu ambiri anali a ziboda. Kudambo ankayang'ana kumbuyo. Mbululu, kamwana ka chule kaja, ikaduka mchira, basi yakula. Ana a nkhanu ndi a nkhono, amene mchira sanakhalepo nawo, ankalowa limodzi ndi achule a msinkhu wawo. Palibe amene ankanyoza mwambo wa mnzake, chifukwa panalibe choti alimbirane.

Cholimbirana chinabwera. Bwanamkubwa Njovu anatumiza mawu kuchokera kuboma kuti ali ndi malata a sukulu imodzi yokha, ndipo adzawapereka kumene kuli ana ambiri a msinkhu wa sukulu. Tsono inu mukudziwa mmene achule amaberekera. Kumtunda chakudya chinasiya kukoma.

Madera onse awiri anali pansi pa khonsolo imodzi. Wapampando wake anali a Bulu, amene anasankhidwa chifukwa cha mawu. Iwo akayamba kulankhula ena onse ankasiya, osati pogwirizana nazo, koma poti sankamvananso. Mkulu wa zamaphunziro anali a Nyani. Wa zomangamanga anali a Njiri, amene nyumba yawo yomwe inali una wokumba wina. Panalinso mpando wa a Mbira, khansala wa kumatanthwe, koma mwini wake palibe anamuonapo atakhalapo. Paja amati tsiku logawa michira anatuma mnzake kuti akamutengere, ndipo mpaka lero akudikira. Kumsonkhano a Mbira ankatuma aliyense wodutsa pakhomo pawo, lero buluzi, mawa chiwala. Wina atadandaula, a Bulu anagamula kuti wotumidwa ndi Mbira ndi Mbira yemweyo, ndipo chimene wanena ndiye kuti wanena Mbira. Anagamula choncho chifukwa akandimverere amenewa ankangokweza dzanja a Bulu akakweza chiboda.

Khansala wa Kudambo anali Mayi Nkhanu. Mayiyu anali ndi mwana mmodzi yekha, Ndaziona, ena onse anatha ndi akakowa. Chaka chimenecho ndi chimene Ndaziona anayenera kuyamba sukulu, chifukwa michira ya anzake osewera nawo inali itayamba kufupika. Belu la sukulu ya Kudambo linali khasu lakutha lopachika pamtengo. M'mawa uliwonse likalira, Ndaziona ankatuluka kuuna n'kuima pakhomo, kuonerera ena akupita. Ankauza mayi ake kuti tsiku lake likadzafika adzapempha aphunzitsi kuti aliimbe yekha ngakhale kamodzi.

Khonsolo itakumana, a Nyani anaimirira n'kukonza pakhosi.

"Mutu umodzi susenza denga," anatero. "Madera awiri n'chiyani? Ndi tsankho. Tiwaphatikize, tikhale dera limodzi, mtima umodzi, sukulu imodzi yamakono."

Mayi Nkhanu anafunsa kuti dengalo, mitu yonse ikalisenza, lidzatulidwa pakhomo pa yani. A Nyani anati funso limenelo ndi la mtsogolo, ndipo a Bulu anati nthawi yatha. Anakweza chiboda. A Nyani ndi a Njiri anakweza nawo, chiwala cha a Mbira chinakwezanso kamwendo kake, ndipo madera anaphatikizidwa madzi akumwa asanafike n'komwe. Kenaka a Nyani anakumbukira, ngati kuti zangowabwerera pomwepo, kuti dera limodzi silingakhale ndi miyeso iwiri. Anati mwana aliyense azigwira khutu monga zimachitira nyama zotsogola, ndipo masukulu akale atsekedwe podikira yatsopanoyo. Khasu la Kudambo analitengera kuofesi kuti akalisunge. Denga la sukulu ya Kumtunda analidya a Bulu madzulo omwewo, akuti udzu ulibenso ntchito poti malata ali m'njira.

Tsiku loyesa ana linafika. Ndaziona anadzikhula ndi mchenga mpaka chigoba chinawala, ndipo anaima patsogolo penipeni pa mzere wa Kudambo. A Nyani atamukodola, mwanayo anakweza dzanja lake lalikulu lopanira, kulidutsitsa pamwamba pa mutu bwinobwino, n'kukagwira diso.

"Khutu lili kuti?" anafunsa a Nyani.

"Sindikudziwa, bwana. Koma ndimamva."

"Ukadali khanda. Wotsatira."

Achule onse anayesedwa, nkhono zonse zinayesedwa, khutu osapezeka. Pofuna kusangalatsa anthu, a Nyani anayesanso aphunzitsi a Chule, amene anali ataphunzitsa mibadwo ya Kudambo mpaka mawu kusasa, ndipo nawonso anapezeka kuti ndi khanda. A Nyani analengeza mwachisoni kuti Kudambo konse kulibe mwana wa msinkhu wa sukulu ngakhale mmodzi. Analangiza makolo akumeneko kuti azidyetsa bwino ana awo.

Pobwerera, ana a Kudambo anayamba nyimbo. Inali yaifupi, yofunsa khasu lija kuti likamalira kumene lapitako likuitana yani, poti amene ankaliyankha auzidwa kuti alibe makutu. Achule ankavomera ndi mawu apansi, ana a nkhanu akuwomba manja awo oumawo. Ndaziona sanaimbe nawo.

M'mawa mwake Mayi Nkhanu anapita kwa a Bulu kukapempha kuti lamulolo lichotsedwe. A Bulu anamuyankha pabwalo, mokweza, kuti onse amve.

"Chimene khonsolo yamanga sichimasulidwa, mayi. Kuwonjezerapo tingawonjezere, koma kumasula ayi. Tikayamba kubweza mawu, tisiyana pati ndi ana?"

Mayi Nkhanu anathokoza n'kumapita. Poyamba anayesa nzeru yapafupi. Mvula inali itagwa, bowa ali mbwee. Anatola bowa wamng'onowamng'ono, kumumata ndi ulimbo pamitu ya ana onse a Kudambo, awiriawiri, n'kukauza a Nyani kuti makutu amera mochedwa chifukwa mvula nayo inachedwa. A Nyani anabwera kudzaona. Anayang'ana khutu la Ndaziona, analinunkhiza, analithothola n'kuponya m'kamwa. Anati nkhani yaikulu ngati imeneyi imafunika kuifufuza mozama, ndipo anayenda mzere wonse akufufuza mpaka khutu lomaliza. Potsanzika anati akadzameranso amuitane, koma pasadzasowe kamchere.

Ana anaimbanso nyimbo ya khasu ija, atawonjezera mzere wonena kuti makutu amene anali nawo ali m'mimba mwa mkulu wa zamaphunziro, ndiye mwina khasu likaitanire kumeneko. Anthu anaseka. Koma atafika kunyumba, Mayi Nkhanu akumupala ulimbo pachigoba, Ndaziona anafunsa chapansipansi.

"Amayi, kodi makutu amamera liti?"

Mayiyo anasiya kupala. Mtima unamupweteka kwambiri, ndipo anachita manyazi kuti iye mwini ndi amene anamata mwana wake bowa kumutu kuti akamusekere pagulu. Analumbira kuti sadzamumatanso kanthu. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho anaima n'kuyamba kutchera khutu lake losaonekalo ku za Kumtunda.

Kumtundako zinthu sizinali bwino. Kudambo atakuchotsa, panatsala funso limene a Nyani anati ndi la mtsogolo, ndipo mtsogolomo munali mutafika. A Bulu ankafuna sukulu pakhomo pawo chifukwa akazi awo ankakazinga zitumbuwa. A Nyani ankaifuna kwawo chifukwa anamva kuti sukulu yamakono imakhala ndi munda wa chimanga. A Njiri ankaifuna kwawo chifukwa dzenje loumbira njerwa likadzaza madzi limakhala losambamo labwino. Ana a mbali zitatuzi anali ofanana kuchuluka, ndipo aliyense ankati a mnzake anagwira khutu mwachinyengo. Msonkhano uliwonse unkathera m'fumbi.

Mayi Nkhanu anakwera Kumtunda. Poti nkhanu imayenda chammbali, oiona amayesa ikupita kwina, ndiye palibe anadziwa kuti akulowa kwa a Bulu.

Anapereka moni ndi ulemu wonse, nati iye wagonja. Anangopempha kanthu kamodzi, kuti mwambo wa makolo ake usafe. Popeza khonsolo imaloleza kuwonjezera, awonjezere wa Kudambo pa wa Kumtunda: mwana azigwira khutu, komanso akhale wopanda mchira. A Bulu anayasamula n'kufunsa kuti iwo zikuwakhudza pati.

"A Wapampando, ana a kwa a Nyani ndi a kwa a Njiri ali ndi chiyani kumbuyo?"

"Michira."

"Ndiye kuti ndi makanda. Atsala ayani?"

Makutu a a Bulu anaima. Koma anatembenuka n'kudziyang'ana kumbuyo, ndipo makutuwo anagwanso.

"Nanga uwu?"

"Umenewo mchira? Amene anakuuzani choncho amakudani. Limenelo ndi litchowa la ufumu, loingitsira ntchentche pabwalo la milandu. Mafumu ena amachita kugula, inu ndi ana anu munabadwa nalo."

A Bulu analigwedeza kumanja, kuligwedeza kumanzere, ndipo anaona kuti n'zoonadi, linali litchowa. Anamuuza mayiyo kuti ndi munthu woganiza bwino, ndipo asauze aliyense.

Kwa a Nyani kunali kovutirapo. Mayi Nkhanu ananena zomwezo, kuti ana a kwa a Bulu ndi a kwa a Njiri agwa onse. Za kumbuyo kwa a Nyani anati mchira supindika choncho ngati mpini. Imeneyo ndi ndodo ya munthu wophunzira, yolozera pabolodi, ndipo ndi mbuli zokha zimene zingaitche mchira. A Nyani anakondwa, koma anamuyang'ana ndi diso lokayika.

"Inu mupindulapo chiyani? Ana anu makutu alibebe."

"Ine ndaluza kale, bwana. Ndikungofuna a Bulu aluze nane."

Apo a Nyani anakhulupirira, chifukwa ndi mmene iwonso akanachitira.

A Njiri sanavute n'komwe. Mayi Nkhanu atangoti kanthu koima chilili pothamanga sikangakhale mchira koma mbendera, iwo anati zimenezo anazidziwa kalekale, amangodabwa kuti khonsolo sinaziike m'malamulo. Anamuperekeza mpaka panjira mbendera ili m'mwamba.

Ulendo womaliza unali wa kumatanthwe. Anapeza a Mbira atagona padzuwa ndi ana awo, buluzi ndi chiwala ali pambali.

"A Mbira, mawa kuli msonkhano."

"Thupi silili bwino, mayi. Mukandimverere."

"Nanga akati khansala wa kumatanthwe anenepo mawu?"

"Mukandinenere."

"Akapereka katundu?"

"Mukandilandirire."

"Ndikamutule kuti?"

"Pamene mwaona inu. Kuno kokha ayi, angati ndithandize kunyamula."

"Nanga ana anuwa, akati apite kusukulu?"

Ana a Mbira anatsegula diso limodzilimodzi. Bambo awo anaganiza kwa kanthawi, ndipo kuganizako kunawatopetsa.

"Kodi sangapite ena m'malo mwawo n'kudzawauza?"

"Angapite ndithu. Ndiwasankhe ndine?"

"Musankhe."

Mayi Nkhanu anafunsa buluzi ndi chiwala ngati amva. Anati amva, ndipo anakondwa kuti mawa apuma.

Tsiku la msonkhano bwalo linadzaza, makolo atabwera ndi ana awo. Mayi Nkhanu anaimirira n'kupereka pempho lake modzichepetsa. A Bulu anati mwambo wa makolo ndi chinthu chopatulika. A Nyani anati dera limodzi liyenera kulemekeza zikhalidwe zonse. A Njiri anati iwo akhala akunena zimenezi kuyambira kale. Aliyense ankayang'ana anzake awiriwo mowamvera chisoni. Kwa nthawi yoyamba chiyambire khonsoloyo, manja ndi ziboda zonse zinakwera limodzi, ndipo a Bulu anabwereza mokweza kuti chamangidwa chamangidwa. Kunja kwa bwalo ana a Kudambo ankaimba nyimbo yawo ya khasu chapansipansi, koma akuluakulu anali otanganidwa ndi kuyamikirana.

Anayamba kuyesa pomwepo. Kamwana ka a Bulu kanagwira khutu ndi mwendo wakumbuyo, kenaka kanatembenuka.

"Mchira," anatero a Nyani ndi a Njiri pamodzi.

"Ndi litchowa!" anakuwa a Bulu.

Anati avote. A Nyani, a Njiri ndi Mayi Nkhanu anati ndi mchira, ndipo unakhala mchira. A Bulu anayang'ana mayiyo, iye akuyang'ana kumbali monga mwa chibadwa chake. Anabwera mwana wa a Nyani. Bambo ake anafotokoza za ndodo yolozera pabolodi ndi mawu akuluakulu, koma a Bulu, amene bala lawo linali likadali laliwisi, anaseka mpaka mbalame zinathawa m'mitengo. Unakhala mchira. Mbendera ya kwa a Njiri siinatenge nthawi n'komwe. Amati anyani sasekana zikundu, koma tsiku limenelo akuluakulu anasekana mpaka misozi, aliyense pa nthawi yake.

Kuseka kutatha, anazindikira. Kudambo kunalibe makutu, Kumtunda kunali michira yokhayokha, ndipo dera lonse lalikulu lophatikizalo linalibe mwana wa msinkhu wa sukulu. A Njiri ananong'oneza kuti lamulo latsopanoli lingochotsedwa. Mayi Nkhanu anafunsa a Wapampando, mwaulemu, ngati chimene khonsolo yamanga chimamasulidwa. Bwalo lonse linali litawamva kawiri konse, ndiye a Bulu analibe pothawira. Walira mvula walira matope.

Pamenepo Mayi Nkhanu anatsika pampando wake, anayenda chammbali n'kukakwera pampando wa a Mbira.

"Tsopano akulankhula ndi a Mbira," anatero. "Akuti ana awo makutu ali nawo, mchira alibe."

A Nyani anathamangira kumatanthwe kuti akaone okha. Anapeza ana a Mbira akukanda makutu ndi mwendo, osadziwa n'komwe kuti akukhoza mayeso. Anawatembenuza mmodzimmodzi, kufunafuna ngakhale kachitsa. Anabwerera pabwalo akuyenda pang'onopang'ono, ndipo palibe anawafunsa chimene apeza.

"Ndiye malata ndi a kumatanthwe," anapitiriza Mayi Nkhanu. "A Mbira akuti ndiwalandire ine, ndipo akatulidwe Kudambo."

Kunabuka phokoso. A Njiri anati n'kuba masanasana. A Nyani anati aitanidwe mwini wake, koma onse anadziwa kuti kuitana Mbira n'kungotaya mawu. Buluzi ndi chiwala anachitira umboni kuti zonse anazimva.

"A Wapampando, wotumidwa ndi Mbira ndi yani?"

A Bulu anayankha, koma aka kanali koyamba kuti anthu avutike kuwamva. Mayiyo anawapempha kuti abwereze.

"Ndi Mbira yemweyo."

"Zikomo. A Mbira akutinso ana awo sangathe kubwera okha kusukulu. Atuma ena kuti akawaphunzirire."

"Atuma yani?"

"Aliyense amene ndimutchule ine."

Uthenga utafika kuboma, Bwanamkubwa Njovu anafunsa zinthu ziwiri zokha: ngati khonsolo yonse inavomereza, komanso ngati padzakhale ana oimba pa tsiku lotsegulira. Atamva kuti inde, anatumiza malata. Achule anaponda dothi, nkhanu zinaumba njerwa, nkhono zinakulungiza makoma. A Njiri, monga mkulu wa zomangamanga, anakumba maziko, ndipo aka kanali koyamba kuti akumbe dzenje lothandiza wina.

Tsiku lotsegulira, a Nyani anabwera ndi khasu lija kuchokera kuofesi, atalikulunga m'masamba kuti asaoneke kuti alinyamula ndi iwo. Aphunzitsi a Chule analipachika pamtengo wake. Mayi Nkhanu anaima pakhomo pa sukulu n'kuyamba kutchula atumiki a a Mbira, ndipo woyamba anali Ndaziona. Mwanayo sanalowe msanga. Anapita kwa aphunzitsi n'kupempha chimene anakhala akuchilakalaka. Anamupatsa mwala, anaupana ndi dzanja lalikulu lija, n'kumenya khasu. Linalira mpaka Kumtunda. Mayi Nkhanu anakondwa kwambiri, ndipo anapitiriza kutchula mayina.

Ana a Kudambo atatha kulowa, kunatulukira a Bulu, a Nyani ndi a Njiri, aliyense ana ali pambuyo. Sukulu ya Kumtunda inalibe denga, ndipo wolidya anali pomwepo. A Bulu anafika pafupi makutu ali pansi. Anayamba ndi kufunsa za moyo, anayamikira makoma, anayamikira malata, kenaka anati kapena a Mbira angakhale ndi malo ena a mtumiki, ngakhale wa kumbuyo kwenikweni.

Mayi Nkhanu akanatha kukana, ndipo mawu okanira anali atawakonza kale pa ulendo wonse wa Kumtunda uja. Koma anayang'ana kamwana ka a Bulu. Kanali kataima ndi miyendo itatu, mwendo wina kataukweza kukhutu popanda wokauza, mchira kataubisa pakati pa miyendo. Anakumbukira Ndaziona atagwira diso pamzere uja, ndipo anakamvera chisoni.

"Tsitsa mwendo, mwanawe. Muno sitigwira makutu. A Mbira akutuma, lowa."

Analowa onse, a ziboda, a manja ndi a mbendera. Makolo atatu aja anapuma, anadzikonza, n'kuyamba kulowa nawo kuti akakhale kumipando yapamwamba pafupi ndi Bwanamkubwa. Mayi Nkhanu anatambasula dzanja lake lopanira n'kutseka khomo.

"A Mbira atuma ana okha. Inu, malinga ndi lamulo limene munamanga nokha, ndinu makanda, ndipo makanda amasokoneza maphunziro. Dikirani panja michira iduke."

"Iduka liti?" anafunsa a Bulu.

"Tsiku limene mwana wanga adzamere makutu."

M'katimo ana anayamba nyimbo ya khasu ija. Chuni chinali chomwecho, koma tsopano inkauza khasu kuti lisavutikenso kufunsa, onse amene linawaitana afika, atsala panja ndi aang'ono okha. Ana a Kumtunda anaigwira msanga, ndipo amene ankaimba mokweza kuposa onse anali ka a Bulu, poti mawu ndi a mtundu. Bwanamkubwa Njovu, amene anamva zonse za pakhomo paja, anakhalira mchira wake mpaka mwambo kutha.

A Mbira sanabwere. Anatuma mawu akuti sukulu yawo aimva kuti ndi yokongola, ndipo tsiku lina adzatuma wina kuti adzawaonere. Khonsolo ikukumanabe pansi pa mtengo kunja kwa mpanda, kukambirana za lamulo loti liwonjezeredwe pa malamulo awiri aja popanda kumasula lililonse. Khasu likalira m'mawa, a Bulu amatembenuka n'kudziyang'ana kumbuyo, ndipo amaupeza ulipobe.

Nthano yathera pamenepa. Amene munaika mbatata pamoto kaioneni nokha, musatume.